Picolibc: laibulale ya C yosavuta kumangira tizipangizo ta ARM

Pa kabolodi kakang'ono ngati ka STM32F103C8, kamene kali ndi flash ya 64 KB ndi RAM ya 20 KB yokha, malo ambiri amatha ndi laibulale ya C, yomwe ndi gulu la tizigawo ta pulogalamu tolembedwa kale monga printf (yotulutsa zolemba), malloc (yopempha malo mu RAM) ndi memcpy (yokopera data), pulogalamu ya mwini wake isanayambe nkomwe. Laibulaleyi imamangidwa pa kompyuta wamba pogwiritsa ntchito compiler (pulogalamu yosandutsa zolemba za C kukhala malamulo a purosesa) monga arm-none-eabi-gcc, imene imayenda pa purosesa ya Intel kapena AMD koma nkumatulutsa malamulo omveka kwa purosesa ya ARM. Kwa zaka zambiri anthu akhala akudalira laibulale yotchedwa newlib, yomwe inayambira ku Cygnus Solutions ndipo tsopano imasamalidwa ndi akatswiri a Red Hat. Picolibc, imene Keith Packard anatulutsa mu 2019, inatenga mbali yaikulu ya newlib nkuikamo stdio (gawo lolemba ndi kuwerenga zilembo, mmene muli printf) yochokera ku laibulale ina yotchedwa avr-libc, ndipo kwa ine kusintha kumeneku nkokwanira kuti munthu aiganizire mofatsa.

Ubwino woyamba uli pa kamangidwe kake. Newlib imamangidwa ndi configure ndi make, ndipo munthu amayenera kulemba mzere wautali wa zosankha, monga --disable-newlib-supplied-syscalls, zimene tanthauzo lake silidziwika msanga kwa woyamba kumene. Picolibc imagwiritsa ntchito zida zina zomangira, Meson ndi Ninja. Mayina a compiler ndi zida zinzake amalembedwa m'fayilo imodzi yaifupi yoti munthu angathe kuiwerenga, ndipo ya ARM inalembedwa kale. Mumapanga foda yopanda kanthu, mumayendetsamo do-arm-configure, kenako ninja, basi ntchito yayamba. Chofunika kusamala nacho nchakuti Meson imafunsa GCC, compiler ija, mitundu yonse ya purosesa imene ikuidziwa, ya Cortex-M0, ya M3, ya M4 yokhala ndi FPU (gawo lowerengera manambala a desimali) ndi ina yambiri, ndipo imamanga laibulale ya mtundu uliwonse paokha. Ngati mukufuna Cortex-M3 yokha, chepetsani mndandandawu ndi multilib-list, apo ayi mudikira nthawi yaitali pa zinthu zimene simudzazigwiritsa ntchito.

Koma pamene picolibc yandikhutiritsa kwambiri ndi pa printf. Amene anagwiritsapo newlib amaudziwa uthenga uja wakuti undefined reference to _sbrk, umene umabwera pamodzi ndi madandaulo a _write, _read, _close, _fstat, _isatty ndi _lseek. Chifukwa chake nchakuti newlib inapangidwa moyembekezera kuti pansi pake pali dongosolo lofanana ndi Unix, choncho pa kabolodi kopanda dongosolo lililonse munthu amalemba yekha tizigawo tonseti kapena kutseka mipatayo ndi nosys.specs. Kuonjezera apo, printf ya newlib imaitana malloc pofuna malo osungira zolemba zisanatuluke, zimene pa RAM ya 20 KB si nkhani yaing'ono. Mu picolibc mumalemba kachigawo kamodzi kotumiza chilembo chimodzi ku UART (khomo lotumizira zilembo pa waya), nkukalumikiza ku stdout (kumene printf imatumiza zolemba) kudzera mu FDEV_SETUP_STREAM, ndipo zolemba zimayamba kuoneka popanda malloc kukhudzidwa. Mungathenso kusankha printf yodziwa manambala athunthu okha, yomwe ndi yaing'ono kwambiri, kapena yodziwanso manambala a desimali a mtundu wa float, kapena a double. Zoona, newlib-nano ya ARM, mtundu wochepetsedwa wa newlib, inachepetsako vutoli, koma tizigawo tija timafunikabe.

Pali malo amodzi pamene woyamba kumene angapunthwe, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Newlib imasunga errno (nambala yosonyeza vuto limene lachitika) ndi zina zotere m'kabokosi kotchedwa struct _reent, pamene picolibc imaziika mu TLS, malo a RAM amene ntchito iliyonse yoyenda payokha imakhala nawo ake. Njirayi imasunga RAM chifukwa pulogalamu imatenga malo a zokhazo zimene ikugwiritsa ntchito, koma imafuna kuti linker script, fayilo yonena pamene gawo lililonse la pulogalamu liikidwe mu flash ndi RAM, ikhale ndi zigawo za .tdata ndi .tbss, komanso kuti malowa akonzedwe main, poyambira pulogalamu yanu, isanayambe. Mukagwiritsa ntchito linker script yake, picolibc.ld, ndi crt0 yake (kachigawo koyenda main isanayambe), mumangotchula pamene flash ndi RAM zikuyambira ndi kukula kwake, zina zonse zimachitika zokha. Mukakhala ndi linker script yochokera ku STM32CubeIDE (chida cholembera mapulogalamu a STM32), imene inalembedwa poganizira newlib, muyenera kuikonza ndi manja, ndipo mukaiwala, pulogalamu ingathe kumangika bwinobwino koma nkudzagwa pamene errno yalembedwa koyamba. Pa FreeRTOS, dongosolo laling'ono loyendetsa ntchito zingapo pa kabolodi, pamafunikanso kuyatsa configUSE_PICOLIBC_TLS kuti ntchito iliyonse ikhale ndi errno yakeyake.

Mayeso a laibulaleyi amayenda pa QEMU, pulogalamu yotsanzira purosesa pa kompyuta wamba, kudzera mu semihosting (njira yoti pulogalamu yoyesedwayo itumizire zotsatira ku kompyutayo), kotero mungathe kutsimikiza kuti zimene mwamanga zikugwira ntchito musanalumikize bolodi. Zephyr, dongosolo lina lofanana ndi FreeRTOS, inaisankha kukhala laibulale yake ya nthawi zonse, ndipo pa Debian, mtundu wina wa Linux, ilipo yomangidwa kale m'phukusi la picolibc-arm-none-eabi kwa amene safuna kumanga okha. Pa pulogalamu yatsopano ndingaisankhe mosakayika. Pa pulogalamu yakale imene ili kale ndi syscalls.c (fayilo ya tizigawo tija monga _sbrk ndi _write) yogwira bwino ntchito, komanso malaibulale ena omangidwa kale modalira struct _reent, ndingasiye newlib pamalo pake pokhapokha flash kapena RAM itayamba kuperewera.