Bakirumu, fulati ya mu complex kapena koteji: nyumba ya lendi yolimamo chamba chako kuno ku Joni

Funso ili landikwana pa WhatsApp, aliyense akungobwera ndi lomwelomwe, eti aise ndikufuna kudzala timitengo tanga tachamba m'nyumba, ndisake nyumba yotani ndipo landilodi wake akhale wotani. Ndiye ndangoti ndilembe kamodzi, wofuna aziwerenga yekha.

Tiyambe tamvana kaye kuti ndikukamba za kuno ku South Africa. Pa 18 September 2018 Constitutional Court inagamula pa mlandu wa Gareth Prince kuti munthu wamkulu akhoza kusuta, kusunga ndi kulima chamba pamalo pake, bola chikhale chogwiritsa ntchito iye mwini, ndipo mu May 2024 a Ramaphosa anasaina Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa ndi mlandu mpaka lero. Kumudzi ndi nkhani ina, lamulo la 2020 lija limalola okhawo a laisensi olimira mankhwala ndi mafakitale, ndiye wina asawerenge izi ali ku Ndirande kapena ku Area 25 n'kukagula tenti yolimiramo chamba m'nyumba, akamunjata ine kulibe.

Chimene anthu ambiri sachimvetsa n'choti chigamulo chija chinamanga manja apolisi, landilodi sichinamukhudze. Nyumba ndi yake, pepala la lendi lomwe munasainalo likhoza kuletsa kusuta m'nyumba, kuboola makoma, fungo losowetsa anzanu mtendere, ndipo mukaliphwanya ali ndi poyambira. Choncho musamangoyang'ana mtengo wa lendi. Ine ndimayang'ana zinthu ziwiri, mwini nyumba ndi mita ya magetsi, zina zonse zimabwera pambuyo.

Bakirumu, kachipinda ka lendi kakuseri pa yadi ya munthu, ndiye komwe ambirife tinafikira, ku Tembisa, Diepsloot, Ivory Park, Cosmo City, ndipo sindikuinyoza, yatisunga. Koma yolimiramo ayi. Magetsi ake nthawi zambiri ndi waya umodzi wochoka m'nyumba yaikulu n'kuzungulira zipinda zisanu, mastende, mwini nyumbayo, amawerenga mpaka ketulo ndi ayironi, ndiye inu mubwere ndi getsi loyaka maola 18 pa tsiku ndi fani yolira usiku wonse? Sabata siitha asanagogode. Komanso waya wotere ukatentha siwotcha chipinda chanu chokha. Madera ena a m'malokeshoni magetsi amathimitsidwa m'mawa ndi madzulo chifukwa cha load reduction ngakhale kwina konse akuyaka, mbewu yozolowera nthawi yake imasokonekera. Pabwalo pamakhala ana a eni nyumba ndi a anzanu a lendi, chimbudzi chimodzi, chingwe choyanikira chimodzi, fungo likangotuluka yadi yonse yadziwa, ndipo ikadziwa yadi mawa mupeza loko wathyoledwa muli ku ntchito. Pepala la lendi kulibe, mumangogwirizana pakamwa. Lamulo limati sangakutulutseni popanda khoti, zoona, koma kakambeni zimenezo katundu wanu ali kale panja pa geti.

Tsopano fulati ya mu complex, yomwe aliyense amaiona ngati ndiye yankho. Ku Midrand, Randburg, Kempton Park zangoti mbwee, chitseko chako, bafa lako, alonda pa geti, palibe mastende wosuzumira pa windo. Ndinakhalamo ndipo mtima sunaphwe mpaka pano, ndiye werengani mukudziwa kuti wolembayu ali ndi mangawa.

Vuto loyamba, mabwana ndi atatu. Pali mwini fulati amene mwina simudzamuona n'komwe, pali ejenti wotolera lendi, ndiye pali body corporate, bungwe la eni mafulati onse, ndi malamulo ake a mu complex. Mwini akhoza kuvomera, ejenti n'kunena kuti sizimukhudza, koma neba wa pamwamba akangodandaula za fungo pa masitepe kalata imafika, ndipo ma complex ena amalipiritsa faini imene imangotulukira pa sitetimenti ya lendi. Makoma ake ndi opyapyala, mawindo a bafa onse amatsegukira njira imodzi, chamba chikayamba maluwa chimanunkha ngakhale muli ndi sefa ya makala. Onjezerani apo ma inspection a ejenti, amene ena amabwera miyezi ingapo iliyonse ndi foni m'manja kujambula chipinda chilichonse.

Koma chimene chinandiluma kwenikweni ndi mita. Mafulati ambiri mita yake si ya masipala mwachindunji, ndi sub-meter ya kakampani kena komwe complex kapena mwini anagwirizana nako, ndipo pa tsiku loona nyumba palibe amakuuzani, ejenti amangoti "ndi prepaid" inu n'kugwedeza mutu. Prepaid yake ndi iyi: nthawi iliyonse mukagula token amadula kaye service fee, mwezi ukayamba pali ndalama ina yokhazikika imene imachoka musanaone yuniti ndi imodzi yomwe, ndipo kumene ndinali ine madzi otentha ndi zina ankazikoka mu wallet yomweyo, moti umagula magetsi a ndalama yooneka, lisiti n'kubwera ndi mayunitsi oti ukuchita kuwerenga kawiri kuganiza kuti makina alakwitsa. Ukaimba foni amakuuza kuti funsani ejenti, ejenti akuti funsani a mita, a mita akuti ndi mgwirizano wa body corporate, iwe uli mumdima.

Munthu wongowira tiyi ndi kutchaja foni zimenezi amangodandaula n'kupitirira. Wolima ndiye amafa nazo. Tawerengani nokha: getsi la LED la 300W loyaka maola 18 ndi mayunitsi 5.4 pa tsiku, pa mwezi 162, fani ndi zina tisanaziwerenge. Ndipo mitengo ya prepaid m'madera ambiri kuno imakwera ndi masitepe, mayunitsi oyamba pa mwezi otsikirapo, mukapyola mlingo wina mtengo wa yuniti n'kukwera. Ndiye mayunitsi a tenti ajawa sagwera pa mtengo wotsika, amakukankhirani pa sitepe yapamwamba, giza ndi sitovu nazo n'kuyamba kudya pa mtengo womwewo, pamwamba pake kakampani kaja n'kudulanso gawo lake. Mu June ndi July mukayatsa hita ndiye basi, lendi yachiwiri. Ine ndinaona kuti fulati yotchipayo ikundidyera kuposa koteji yomwe ndinaikana poyamba poti lendi yake inali yokwererapo.

Kenako dipoziti. Mbewu m'nyumba zimatulutsa chinyezi, zimenezo n'zoona, ndipo ejenti aliyense amadziwa kuti akangoona tenti wapeza pothawira. Kwanga pa kona ya siling'i ya kubafa panali chuku kuyambira tsiku lolowa, zithunzi ndinali nazo za deti lake, koma potuluka anandilembera kupenta fulati yonse, mpaka chipinda chimene munalibe ngakhale mphika wa maluwa, ati chifukwa cha "ulimi". Apa dziwani ufulu wanu. Rental Housing Act ya 1999 imati dipoziti isungidwe ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, nyumba muiyendere limodzi polowa ndi potuluka, ngati palibe chowonongeka ndalama ibwere pasanathe masiku 7, ngati pali zokonza yotsalayo ibwere pasanathe masiku 14 mutabweza nyumbayo kwa landilodi ndipo muli ndi ufulu woona malisiti a zokonzazo. Landilodi akapanda kuchita inspection yotulukira, lamulo limatenga ngati wavomera kuti nyumba ili bwino. Akakanira pali Rental Housing Tribunal, kudandaula kumeneko n'kwaulere, sipafunika loya. Nditangotchula Tribunal mu imelo ndi kupempha malisiti a penti, mawu a ejenti anafewa tsiku lomwelo. Ndalama inabwera yoperewerabe koma inabwera.

Za chitetezo, inde complex imapambana zonse, palibe angakubereni mbewu. Ndi chokhacho chimene ndingaiyamikire.

Koteji ya kuseri kwa nyumba ya munthu, monga zimapezeka ku Kensington, Edenvale, Roodepoort, ndiye kumene ine ndaima, ndipo wondifunsa ndimamulozera kumeneko. Chifukwa chake n'chimodzi, bwana ndi m'modzi ndipo mumamuona ndi maso. Mukhoza kukhala naye pansi musanasaine n'kumuuza poyera kuti bambo, ine ndimalima timitengo tingapo tanga ndekha, sindigulitsa, sindibweretsa anthu, magetsi ndilipira anga. Akakana mwapulumuka msanga. Akavomera, zilembedwe pa pepala la lendi ngakhale mizere iwiri, chifukwa kuvomera kwa pakamwa kumatha tsiku limene mkazi wake wamva fungo ali ndi alendo a ku tchalitchi. Zobisa ine sindilimbikitsa, munthu wokhala naye yadi imodzi simungamubisire miyezi itatu, ndipo akadzazindikira yekha chimamupweteka ndi bodzalo kuposa chambacho.

Komatu malandilodi a makoteji ali mitundu. Wabwino kwambiri ndi mdala wopuma pa ntchito amene akungofuna lendi yake pa 1 ndi geti lotseka, za m'nyumba mwanu alibe nazo ntchito bola musaboole denga. Wachiwiri ndi mayi wopemphera amene angakuuzeni mwaulemu kuti pano ayi, ameneyo mulemekezeni, wakuchitirani chilungamo. Woopsa ndi amene maso ake amawala mukangotchula chamba, landilodi wosuta. Poyamba mumaona ngati mwapata, mwezi wachitatu wayamba kulowa osagogoda kudzaona "ana athu", kenako akubwera ndi anzake, kenako akuti mwezi uno ingondipatsako pang'ono ndikuchotsere pa lendi. Kulipira lendi ndi chamba ndi malonda amenewo, mwachoka pa zimene khoti linalola, ndipo tsiku lokangana iye ali ndi nkhani yokakuneneraniko inu mulibe. Ndimasankha landilodi wosasuta koma wosalabadira.

Pa koteji funsani za mita musanafunse za china chilichonse. Ikakhala ndi mita yakeyake ya masipala kapena ya Eskom ndiye mwapambana. Ikakhala sub-meter, pemphani lisiti la token la amene ankakhalamo, muone ndalama imene analipira ndi mayunitsi amene analandira, pepala limenelo limanena zoona kuposa eni ake. Akakuuzani kuti magetsi ali mu lendi musasangalale, chifukwa bilu ikadzakwera mkangano wake ndi wanu, kuli bwino mumupemphe aike kamita kanu muzilipira zanu. Nyumba zambiri za m'masabebu zinaika sola ndi inverter nthawi ya load shedding yoopsa ija ya 2023, koma kawirikawiri koteji sanailumikize, ndiye musangoona mapanelo pa denga n'kuganiza kuti ndi anu. Ngati pa yadi pali ana, chitseko cha chipinda cholimiracho chikhale cha loko, ndipo kusuta pamaso pawo lamulo silikulola.

Abale anga ogwira ntchito za m'garden ndi za m'nyumba amene mumagona m'chipinda cha abwana, inu musayese n'komwe. Chimaoneka ngati koteji koma malo ogonawo ndi omangirira ku ntchito, mukataya chimodzi mwataya zonse tsiku limodzi.

Za nyengo sindichulutsa: ku Gauteng chisanu chake n'chouma, chuku sichivuta kwambiri, koma ku Cape Town mvula imagwa nthawi yozizira ndipo ku Durban chinyezi ndi cha chaka chonse, kumeneko chipinda chopanda windo lotseguka bwino chisiyeni.

Nyumba yonse yoima payokha ndiye yabwino kuposa zonsezi, yadi yanu, garaja, mwina simufunanso tenti poti dzuwa ndi laulere. Koma ndi angati a ife angalipire okha? Mapeto ake mumagawana anthu anayi asanu, ndipo apo pamabwera zina. Aliyense ayenera kuvomera, osati kungokhala chete. Mita ndi imodzi, wosalima sangalole kulipirira getsi lanu. Dzina limene lili pa pepala la lendi ndi limene lidzayankhe zonse. Ndipo aliyense akati nanenso ndidzale tanga, garaja imadzaza mpaka wobwera sangakhulupirire kuti zonsezi n'zosuta eni okha.

Chomaliza n'cha mapepala, ndipo ichi chimakhudza ife obwera kuposa eni dziko. Neba akaitana apolisi chifukwa cha fungo, mwina za mbewu sangakuchiteni kanthu, koma funso loyamba pa khomo limakhala pasipoti ndi permit. Ngati masiku anatha kalekale, ulendo wake ndi wa ku Lindela kosungira anthu oti abwezedwe kwawo, ndipo dipoziti, tenti, getsi la LED lija ndi firiji zonse zimatsalira landilodi. Wa mapepala osalongosoka ayambe walongosola kaye zimenezo, nyumba tidzasakira limodzi pambuyo.