Kufufuta imelo m'mabokosi a antchito onse: Microsoft 365 kapena Google Workspace ndi GAM?

Anzanga amene amasamala makompyuta m'mabungwe a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje amandifunsa funso limodzimodzi, ndipo nthawi zonse amafunsa zinthu zitavuta kale. Wina watumiza ndandanda wa malipiro kwa antchito onse, kapena imelo ya akathyali yalowa m'mabokosi a aliyense kuyambira ku Nchalo mpaka ku Bangula. Amafuna lamulo la pakompyuta (command) loti alembe lichotse zonse kamodzi. Lamulolo ndi lalifupi mbali zonse ziwiri, ku Microsoft 365 ndi ku Google Workspace. Chimene chimatenga nthawi ndi chilolezo, ndipo ndi pamenepa pamene njira ziwirizi zimasiyanirana.

Ku Microsoft 365 mumagwiritsa ntchito PowerShell, pulogalamu yolembamo malamulo: mumalowa ndi Connect-IPPSSession, mumasaka ndi New-ComplianceSearch ndi Start-ComplianceSearch, kenako mumachotsa ndi New-ComplianceSearchAction -Purge. Kusaka kumafuna udindo wa Compliance Search, umene uli m'gulu la eDiscovery Manager. Kufufuta kumafuna wina, wotchedwa Search And Purge, umene uli m'magulu a Organization Management ndi Data Investigator. Ambiri amapunthwa apa: magulu a Organization Management alipo awiri, lina ku Exchange (mbali yoyendetsa maimelo), lina ku Purview (mbali imene kusaka ndi kufufutaku kumachitikira), dzina n'lofanana koma sadziwana. Munthu akhoza kukhala mkulu wa Exchange yense, PowerShell n'kumamuyankhabe kuti -Purge sakuidziwa. Simuuzidwa kuti mulibe chilolezo, mumangoona ngati mwalakwitsa kalembedwe. Izi zimandinyansa mpaka lero. Akakupatsani udindowo, tulukani ndi kulowanso, ndipo mwina mudikire kaye pang'ono usanayambe kugwira.

Malire ake ndi maimelo 10 pa bokosi lililonse paulendo umodzi, choncho si chida chosesera bokosi lodzaza. SoftDelete imasiya mpata wa masiku 14 woti mwini bokosi abweze imelo, pokhapokha ngati nthawiyo munaikweza kufika 30. Pa ndandanda wa malipiro muyenera HardDelete, apo ayi wachidwi aliyense aitola. Amene akusakabe Search-Mailbox ndi udindo wa Mailbox Import Export asiye, Search-Mailbox anaichotsa ku Exchange Online.

GAM, pulogalamu yoyendetsera Google Workspace polemba malamulo, ndi yaulere, si ya Google yeniyeni, anaiyambitsa ndi Jay Lee. Kuigwiritsa ntchito n'kokoma: gam all users delete messages query, mawu osakira, kenako doit. Mukasiya doit imangokuuzani kuchuluka kwa zimene yapeza, osakhudza kanthu. Mukafuna kuchotsa zoposa imodzi m'bokosi mumawonjezera max_to_delete. Mukalemba trash m'malo mwa delete, imelo imakhala mu Trash masiku 30. Pa liwiro ndi kuphweka, GAM yapambana ndipo sindikutsutsa.

Koma taonani chimene mumapempha kuti ifike pamenepo. GAM imalowa m'mabokosi kudzera pa service account (akaunti ya pulogalamu, osati ya munthu) yopatsidwa domain-wide delegation (mphamvu yochita zinthu m'dzina la aliyense m'bungwe), ndipo wovomereza ake ayenera kukhala super admin. Kuti ifufute kotheratu imafuna chilolezo chonse cha Gmail, chimene chimalolanso kuwerenga, kutumiza ndi kusintha imelo m'dzina la munthu aliyense m'bungwemo, ngakhale bwana wamkulu. Palibe chilolezo chofufutira chokha. Munapita kukapempha kiyi wa stolo, akupatsani wotsegula ofesi yonse ndi nyumba za antchito zomwe. Ndipo mphamvu yonseyo imakhala m'kafayilo kamodzi, oauth2service.json, kamene kamagona pa laputopu. Kafayiloko sikafunsa nambala yapafoni yotsimikizira kuti ndinudi. Wakakopera pa fulashi ali ndi makalata a bungwe lonse.

Tsopano ganizirani mmene laputopu ya ofesi imakhalira kuno. Imakwera kabaza, imawoloka Shire pa bwato kupita ku Makhanga, nthawi ya madzi osefukira imagona kumsasa, ndipo masana dzuwa likaswa mtengo aliyense wofuna kusindikiza lipoti amaibwereka. Chiyambire namondwe wa Freddy mu 2023 ndaona antchito a makontirakiti aafupi akubwera ndi kupita, makina n'kumangosinthana manja. Kafayilo kotere sindingakaike pa makina oterowo.

Palinso nkhani ya kulikulu. Ambirife maakaunti athu amayendetsedwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ukawalembera kuti akupangire gulu lako lokhala ndi maudindo awiri okha, Compliance Search ndi Search And Purge, n'kulichotsa ntchito ikatha, amatha kuvomera, chifukwa zonse zimachitika pa dzina lako ndipo zimalembedwa. Domain-wide delegation sangaipereke kwa munthu wa ku ofesi ya Ngabu, ndipo akulondola. Google ili nacho chida chake cha investigation tool chofufutira popanda kafayilo, koma ndi cha pa tsamba la admin, ndipo chimapezeka m'mapulani okwera mtengo okha. Musaganize kuti Microsoft Graph, njira imene mapulogalamu amalowera mu Microsoft 365, ndi pothawira: chilolezo cha Mail.ReadWrite chopatsidwa kwa pulogalamu chimatsegulanso mabokosi onse ngati simunachiikire malire.

Ine ndaima ndi Microsoft, ndi magulu ake awiri osokonezawo. Ngati bungwe lanu lili pa Google, GAM ikhale pa kompyuta imodzi yosachoka kulikulu, inu muziwatumizira Message-ID (chizindikiro chapadera cha imelo iliyonse) ya imelo yovutayo achotse okha.