Bitwarden pa ofesi yathu, patatha pafupifupi chaka

Anthu angapo akhala akundifunsa ngati Bitwarden, pulogalamu yosungira mapasiwedi, ikutithandizadi. Yankho ndi inde, koma osati pa chifukwa chomwe tinaigulira.

Ndife kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo zomangira, ndipo database yathu ili ndi mayina a makasitomala, manambala awo a foni komanso ngongole zawo. Kale mapasiwedi ankalembedwa m'kope la pa kauntala, ena ankangotumizidwa pa gulu la WhatsApp. Chinatitsegula maso ndi nkhani ya mapasipoti mu February 2024, pomwe a Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina a Immigration ndipo akufuna dipo. Ngati zinatheka kumeneko, nanga ife?

Ndinkaganiza kuti phindu lalikulu likhala mapasiwedi aatali ovuta kuwalosera. Amenewo alipodi. Koma tsiku lina mayi wa ku akaunti analandira imelo yooneka ngati yachokera ku banki, chizindikiro ndi mitundu zonse zofanana. Anatsegula, n'kudikira kuti pasiwedi ilowe yokha monga mwa masiku onse. Siinalowe. Bitwarden imayang'ana adiresi ya tsamba, osati maonekedwe ake, ndipo adiresiyo inasiyana ndi yeniyeni chilembo chimodzi chokha. Mayiwo anandiitana akudandaula kuti pulogalamu yafa, osadziwa kuti ndiyo yawapulumutsa. Chimenechi chokha chinabweza ndalama zathu.

Munthu akasiya ntchito timamuchotsa tsiku lomwelo, ndipo timadziwa mapasiwedi omwe ankawaona, n'kuwasintha onse. Izi kale zinali zosatheka.

Zovuta zake n'zochepa koma zenizeni. Kulipira kumafuna madola, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Intaneti ikachoka mapasiwedi mumawaona ndithu, koma simungasinthe kapena kuwonjezera kanthu. Ndipo pasiwedi yaikulu yotsegulira zonse eni pulogalamuyi saisunga, choncho oiwalaiwala tinawauza ailembe papepala n'kuitsekera m'sefu, osati kuimata pansi pa keyboard.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti anzanga ena anayamba kuganiza kuti basi tatetezeka. Ayi ndithu. LastPass, yomwe ntchito yake ndi yomweyi, inaberedwa mu 2022, ndipo akubawo anadzera pa kompyuta ya kunyumba ya injiniya wake, yomwe inali ndi Plex, pulogalamu yoonera makanema, yakale yosaikidwa update yotseka mipata ya akuba. Khomo lakumaso linali lokhoma, iwo analowera pa zenera la kukhitchini. N'chifukwa chake tinawonjezera chitseko chachiwiri: manambala 6 a pa foni osintha masekondi 30 aliwonse. Tinasiya a SMS, poti nambala ya foni akathyali amatha kuilanda. Seva, kompyuta yaikulu ya pa ofesi, timaiika update mwezi uliwonse, ndipo database timaikopera pa hard drive yomwe simakhala yolumikizidwa, chifukwa ransomware, pulogalamu ya akuba yokhoma mafayilo kuti mulipire dipo, imakhomanso chilichonse chomwe yachipeza pa netiweki. Zimenezi Bitwarden singakuchitireni.

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 likuika udindo pa aliyense wosunga zambiri za makasitomala, ndipo ife tili momwemo. Bitwarden tiilipiranso chaka chamawa. Chomwe tikukonza panopa ndi kuyesa kubwezeretsa database yonse kuchokera pa hard drive ija pa kompyuta ina, Loweruka masana tikatseka shopu, kuti tione ngati ingadzukedi.