Fomu yopopera m'mipata ya nyumba: zimene ndaona nditatha zitini ziwiri ndi theka

Fomu imeneyi ndaipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Imodzi andilanda makoswe, ina yandilanda dzuwa la Okutobala. Zolakwa zina zonse zimene ndifotokoze pano zinali za manja anga, sindingazikankhire pa chitini.

Nyumba yathu ili kuno ku Chipata, mbali ya ku Kalongwezi, ya njerwa zootcha ndi malata, khitchini ilibe siling'i. Pulambala amene anatiikira sinki anaboola khoma kuti paipi ya madzi oipa ituluke, n'kusiya chibowo choti chibakera changa chimalowa bwinobwino. Pamenepo ndiye panakhala msewu wa mphemvu ndi makoswe. Tinkatseka ndi nsanza, m'mawa n'kupeza nsanza ili pansi. Tsiku lina ndikugula misomali pa hadiweya ina ku Down Shops, mnyamata wogulitsa anandionetsa chitini cha fomu yotsekera mipata, cha 750 ml, chokhala ndi kapaipi kapulasitiki pambali. "Abambo, iyi mungopopera basi, simenti iwalani." Mtengo wake sunali kutali ndi wa thumba la simenti, koma ndinagula poganiza zopewa kusaka mchenga ndi womanga chifukwa cha bowo limodzi.

Zolemba za pachitini n'zazing'ono ngati nyerere, ndipo sindinaziwerenge. Ndinagwira chitini choimirira monga tichitira ndi mankhwala a udzudzu, kunangotuluka mpweya ndi timadontho. Mwana wanga wa giredi 9 ndiye anati, "Adadi, apa alemba kuti mugwedeze kaye kokwanira, ndiye muchizondotse." Nditazondotsa, fomu inatuluka ngati thovu la sopo, yachikasu chotuwa, ndipo ine ndinadzaza bowo lonse mpaka pakamwa. Ndinapita kukamwa madzi. Pobwera ndinapeza chinthu chatupa ngati ufa wa vitumbuwa umene waiwalika padzuwa, chatulukira kunja kwa khoma kukula ngati mutu wa kabichi, china chikuyenderera pa matailosi. Fomu imeneyi imafufuma kawiri kapena katatu, ndiye bowo lifunika kuthiramo osapitirira theka, zotsalazo imadzaza yokha.

Apa ndi pamene ndinachita chopusa chenicheni: ndinaigwira ndi dzanja kuti ndiibwezere mkati. Inamata zala ngati ulimbo wa mbalame. Ndinathamangira kumpopi, osadziwa kuti madzi ndiwo amaiumitsa msanga, pakuti imalimba ikakumana ndi chinyontho. Parafini sanathandize, sopo wochapira sanathandize. Zala zinatola fumbi n'kuda bii, ndipo ndinapita nazo kutchalitchi Lamlungu ndikuzibisa m'thumba. Zinayera patapita pafupifupi sabata, khungu litasupuka lokha. Chimene chimaichotsa ndi acetone, yemwe amapezeka m'mankhwala ena ochotsera penti ya zikhadabo, koma pokhapokha fomu ikadali yaiwisi. Ikauma palibe mankhwala a m'nyumba amene angaisungunule, n'kupala basi. Pa matailosi ndinaphunzira kuti kuli bwino kuisiya iume ndiye n'kuitomola ndi mpeni kusiyana ndi kuipukuta, chifukwa kupukuta kumangoipaka ponseponse. Shati imene ndinavala tsiku limenelo tsopano ndi chokolopera.

M'mawa mwake ndinadula zotumphukazo ndi mpeni wa buledi, ndipo ndisaname, panaoneka bwino. Mkati mwake muli timabowo ting'onoting'ono ngati buledi yemweyo, ndipo inazungulira paipi mbali zonse, kufika m'makona amene supuni ya womanga sikanafika. Mphemvu zinachepa sabata yomweyo. Makoswe anangodikira. Pasanathe milungu iwiri amayi a kunyumba anandiitana m'mawa: "Bambo a mwana, bwerani mudzaone simenti yanu ija." Pansi pa sinki panali tizidutswa tachikasu ngati gaga, ndipo pambali pa paipi panali una woboola bwino. Kwa khoswe fomu ndi yofewa kuposa chitsononkho. Ndinachita kukumbanso, n'kukanikizamo waya wa maso ang'onoang'ono wopindapinda, kupopera fomu pang'ono kuti igwire wayayo, kenako kunja n'kumata simenti ndi mchenga. Kuyambira pamenepo sanabwerenso, koma onani kuti simenti imene ndinkaithawa ija ndinaigulabe.

Chitini choyambacho chinathera pomwepo ngakhale munali motsala. Nditachitenganso patapita masiku atatu, kapaipi kanali katatsekeka gwa, pakamwa pa chitini pataumanso. Ndiye musanatsegule, yendani nyumba yonse muone malo onse ofuna kutseka kuti muthane nawo tsiku limodzi. Yang'ananinso deti pansi pa chitini muli m'sitolo momwemo. Katundu wotere sayenda msanga kuno, ndipo chitini chokhalitsa pa shelefu chimalimba mkati, pochigwedeza simumva kanthu kakuyenda.

Chitini chachiwiri ndinagulira mafulemu. Kuchipinda chogona, pakati pa fulemu ya windo ndi khoma panali kampata kolowa chala, ndipo mphepo ya Julayi imalowera pamenepo, fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala n'kumadzaza pa katani. Apa ndinachita mwa dongosolo: magolovesi a labala, magalasi otchinga maso obwereka kwa mnansi wanga wowotcherera, nyuzipepala pansi, kusesa fumbi mumpata, ndi kuwazamo timadzi. Kuwaza madzi musakuone ngati mwambo chabe. Nyengo yopanda mvula mpweya wa kuno umauma kwambiri, ndipo fomu yopanda chinyontho imauma pamwamba pokha, mkati n'kukhala phala. Patapita mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono inasiya kumata, koma ndinaisiya mpaka m'mawa ndisanadule. Ndinapaka filla, phala lija lotsekera ming'alu ya khoma, pamwamba ndi penti. Papita chaka, palibe mng'alu, palibe fumbi, udzudzu wolowera pamenepo unatha. Pa ntchito ngati imeneyi, mpata waung'ono, wa m'kati mwa nyumba, wosagwedezeka, nyenyezi zisanu ndikanapereka ndi mtima wonse.

Koma tsiku lomwelo ndinapita nayo pa chitseko cha sitolo yathu ya chimanga, chomwe fulemu yake ndi ya thabwa lopyapyala. Ndinathira mbali zonse ziwiri mowolowa manja. M'mawa chitseko chinakana kutsekeka. Fomu pofufuma inakankha thabwa n'kulipinda cha pakati. Kalipentala atabwera anaseka kaye, ndiye anati, "Abwana, mukanaika timitengo topingasa pakati pa fulemu mpaka iume. Ndiponso ilipo ina yosatupa kwambiri, ndiyo ya zitseko ndi mawindo." Anachita kupala chitseko, ndipo ndalama imene ndinam'patsa inaposa ya chitini.

Nkhani ya moto ndiyo inandichititsa kuti ndilembe ndemangayi. Ntchito ya pachitseko ija ndinaigwira madzulo, magetsi atapita monga mwa masiku onse, ndipo mdima utayamba amayi anabwera ndi kandulo kuti andiunikire, mbaula ili pakhonde pafupi pomwepo. Mwana wa giredi 9 uja ndiye anakuwa kuti pachitini pali chizindikiro cha lawi. Mpweya umene umakankha fomu kutuluka ndi wa mtundu wa propane ndi butane, abale ake a gasi wophikira, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wamba moti umatsikira pansi n'kudzazana m'chipinda chotseka. Kuchipinda chopanda windo ngati sitolo ija, kandulo ikanatha kutiyatsa. Tinazimitsa, ndinamaliza ndi tochi ya foni. Ngakhale itauma, fomu wamba imayaka. Ndinayesa kachidutswa panja pa moto wa zinyalala: kanagwira nthawi yomweyo, utsi wakuda wonunkha moipa. Musabwereze zimenezo, utsi wake ndi poizoni. Choncho pafupi ndi sitovu, chumuni, malo oika mbaula, kapena m'kabokosi ka soketi ndi switchi, isafikeko. Pali ina yolembedwa B1 yochedwa kugwira moto, nthawi zambiri yofiirira, koma nayonso si njerwa.

Fungo lake poipopera silamphamvu kwenikweni, ndipo n'chimene chimanamiza. Muli mankhwala otchedwa isocyanate amene amayabwa maso ndi pakhosi, ndipo amatha kuyambitsa kapena kuutsa mphumu. Apongozi anga ali ndi mphumu, ndiye tsiku la windo lija tinawapempha kuti akacheze kwa mlamu wanga ku Kapata mpaka madzulo, mawindo onse ali pululu. Ku Ulaya, kuyambira pa 24 Ogasiti 2023, amisiri ogwira ntchito ndi mankhwala amenewa amayenera kuphunzitsidwa kaye, ndipo zitini zochokera kumeneko zimalembedwa mawu amenewo. Kuno mungogula ngati shuga, wogulitsa osatchula n'komwe za magolovesi.

Nyenyezi ya dzuwa ija inapita motere. Pa denga la khitchini panali msomali wosukusa umene unkadontha, ndipo ndi fomu yotsala ndinakwera n'kuunjika kamulu pamwamba pake. Umo munali mu Sepitembala. Pofika kumapeto kwa Okutobala kamulu kaja kanali katasanduka kofiira ngati dothi la ku Katete, ndikakakhudza n'kumanyenyeka. Kuwala kwa dzuwa kumaidya fomu ngati siinakutidwe ndi penti kapena pulasitala. Malata nawonso sakhala phee, masana amatanuka ndi kutentha, usiku n'kubwerera, mpaka fomu inalekana nawo m'mphepete. Mvula yoyamba yamphamvu, beseni linabwerera pamalo pake pakati pa khitchini. Nditachotsa kamuluko ndinapeza pansi pake pali ponyowa, dzimbiri litayamba. Chinathandiza ndi msomali watsopano wokhala ndi kalabala ndi tepi ya phula.

Mlamu wanga ataona windo lija anafuna kutseka nayo mpata wonse wa pakati pa khoma ndi malata, kumene omanga amati beam filling, chifukwa mileme yamusowetsa mtendere. Tinawerengera limodzi. Malita amene amalemba pachitini kuti fomu idzafika ikatupa ndi a fomu yofufuma pamtetete popanda chopinga. M'ming'alu yeniyeni simufika pamenepo. Nyumba yake ya zipinda zitatu ikanadya zitini zambiri moti njerwa zoduka ndi matope zinatuluka zotchipa kutali. Anaitana womanga.

Za chitini chikatha. Pachitini alemba kuti chisakhale pamalo otentha kupitirira madigiri 50, ndiye musachisiye m'galimoto yoimika padzuwa kapena pansi pa malata. Musachiponye m'dzenje la zinyalala limene timatentha kuseri kwa nyumba, chimaphulika. Ndipo chibiseni kwa ana. Wanga wamng'ono ndinamupeza atatola choyamba chija, ali ndi msomali ndi mwala m'manja, akufuna kuboola kuti apange thanki ya galimoto yake ya waya, pamene mkati munali mukadali mpweya.

Chitini chachitatu ndinagula mwezi watha, nditalemba kaye papepala malo anayi: paipi ya kubafa, mawindo awiri a pabalaza, ndi pamene chingwe cha dishi ya TV chimalowera m'khoma. Onse ndinatseka Loweruka limodzi m'mawa, mbaula isanayatsidwe, ndipo m'chitini munatsala pafupifupi theka. Kapaipi ndinakatsuka ndi acetone nthawi yomweyo n'kuimika chitini pamwamba pa kabati kuchipinda kozizira. Dzulo ndachiyesa, chikutulutsabe.