GIMP, Photoshop, Photopea kapena Canva: ndi iti yoyenera posunga logo yopanda kumbuyo?

Anzanga amene amakonza zikwangwani za mipingo, makhadi a ukwati ndi malaya a makwaya akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti ndi pulogalamu iti imene ingachotse kumbuyo kwa logo, kuti ikaikidwa pa nsalu yobiriwira isatuluke itazunguliridwa ndi bokosi loyera. Ndayerekeza mapulogalamu anayi amene ambiri timawadziwa, poyang'ana ntchito imeneyi yokha.

Nthawi zambiri cholakwika chimakhala mtundu wa fayilo. Pixel iliyonse, kutanthauza kadontho kamodzi mwa timadontho topanga chithunzi, imasunga manambala atatu a mitundu, ndipo alpha channel ndi nambala yachinayi imene imanena mmene pixelyo ikuphimbira chimene chili pansi pake, kuyambira 0, pamene sikuoneka konse, kufika 255, pamene yaphimbiratu. JPEG ilibe malo a nambala imeneyi, choncho paliponse pamene munafufuta pamadzazidwa ndi mtundu wina, kawirikawiri woyera. GIF imangodziwa kuti pixel ilipo kapena palibe, n'chifukwa chake m'mphepete mwa zilembo mumatuluka manomano. PNG, imene yakhalapo kuyambira 1996, imasunga magawo onse 256, ndipo mapulogalamu onse anayi amatha kuitulutsa. Amasiyana pa zimene amafuna kwa inu musanatenge fayiloyo.

Canva ndi yosavuta kuposa onse, ndipo sindikana kuti munthu amene sanaphunzirepo zojambula amatha kukonza chikwangwani chooneka bwino tsiku lomwelo. Koma amene amagwiritsa ntchito yaulere amazindikira mochedwa kuti kabokosi ka Transparent background, kamene kamaoneka mukasankha PNG, kali ndi kachipewa kachifumu, kutanthauza kuti ndi ka olipira Canva Pro okha. Chida chochotsera kumbuyo nachonso n'chimodzimodzi. Malipirowo amakupezani ntchito yonse itatha, mwina mwini logo akudikira, ndipo panthawi yoteroyo munthu saganizanso bwino za mtengo. Kwa ife a ku Malawi pali chopinga china, chifukwa malipirowa amafuna khadi la ku banki lotha kulipira kunja, pamene ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno. Ena amathawira ku remove.bg, webusaiti yochotsa kumbuyo kwa zithunzi, koma kumeneko chaulere ndi kachithunzi kakang'ono kosayenera kusindikiza, ndipo kampani imene inaipanga inagulidwa ndi Canva yomweyo mu 2021.

Photoshop ilibe mnzake podula tsitsi la munthu, ubweya kapena nsalu yopyapyala. Mtengo wake ndiwo umafuna kuwerenga modekha. Kuyambira 2013 Adobe, kampani imene imapanga pulogalamuyi, sigulitsanso Photoshop yatsopano kamodzi n'kamodzi, ndipo pangano limene ambiri amaliona ngati la mwezi ndi mwezi limakhala la chaka chathunthu. Mukalisiya patapita masiku 14 mumalipira theka la ndalama za miyezi yotsala, nkhani imene inachititsa kuti boma la America lisumire kampaniyi mu June 2024. Palinso msampha wa luso: alpha channel imene mumapanga pa gawo lotchedwa Channels imangosunga malo amene munasankha, ndipo PNG siitenga ngati poonekera. Muyenera kumasula layer ya Background (layer ndi gawo la chithunzi limene limasanjikizidwa ndi ena ngati mapepala), kenako kufufuta kapena kuika mask, chobisira mbali ina ya layer, mpaka muone timabokosi totuwa ndi toyera tonga bolodi la dilafuti, timene timasonyeza kuti kumbuyo kwachoka.

Photopea, imene inalembedwa ndi Ivan Kutskir, imatsanzira maonekedwe a Photoshop, imatsegula mafayilo a Photoshop otchedwa PSD ndipo imatulutsa PNG yoonekera popanda kulipira. Imagwira ntchito mu browser ndipo m'mbali mwake mumakhala zotsatsa malonda, koma pa kompyuta ya eni ake imene simungaikepo pulogalamu ndi yokwanira.

Ine ndimakondera GIMP, ngakhale ili ndi khalidwe limene lakhumudwitsa oyamba ambiri. Mukatsegula JPEG n'kufufuta kumbuyo, malowo amangodzala ndi mtundu wina, chifukwa layer yake imabwera yopanda alpha, ndipo chizindikiro chake n'chakuti dzina la layer limalembedwa ndi zilembo zonenepa (bold). Mankhwala ake ndi kupita pa Layer, kenako Transparency, n'kudina Add Alpha Channel musanafufute kalikonse. Pomaliza musadine Save, imene imangosunga fayilo ya GIMP yotchedwa XCF, koma Export As, n'kulemba dzina lothera ndi .png. Pa logo yojambulidwa papepala loyera, chida cha Color to Alpha chimachotsa kuyera konse n'kusiya m'mphepete mosalala, kungoti chimapyapyalitsanso mitundu yowala ya mkati mwa logo ngati simunayambe mwasankha kunja kokha. Zonsezi munthu amaphunzira kamodzi, pulogalamuyo amaitsitsa kamodzi, ndipo ikatero siifunanso bandulo kapena khadi. Amene ntchito yake ndi zithunzi za anthu tsiku ndi tsiku akhoza kulipira Photoshop, koma pa logo ndi zilembo sindiona chifukwa cholipirira.

Fayilo ikatuluka bwino, musaitumize pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa imasandutsidwa JPEG ndipo alpha imatayika panjira. Itumizeni ngati Document, ndipo wosindikizayo atsegule fayilo yomweyo m'malo mojambula screenshot.