Ulendo wa ku Shore Temple kuchokera ku Chennai: ndi wabwino, bola mudzuke m'mamawa

Anthu ambiri a kuno ku Lilongwe amene amafika ku Chennai, mzinda wa ku India, amapita ndi nkhani ya chipatala, kaya ngati odwala kaya ngati magadiyani. Pakati pa kuyezedwa ndi kudikira zotsatira pamapezeka tsiku limodzi kapena awiri opanda chochita, ndipo mahotela a kumeneko sachedwa kukuuzani za galimoto ya hayala yopita ku Mahabalipuram, komwe ena amakutcha Mamallapuram, kukaona kachisi wakale wa m'mbali mwa nyanja wotchedwa Shore Temple. Ulendo umenewu ndi woyenera ndalama zake, koma mmene amaukonzera ambiri ndi molakwika.

Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa Chennai, ngati kuchoka mu Lilongwe kukafika pa Mponela. Msewu wake ndi East Coast Road, wa tala wabwino, wotsata gombe la Bay of Bengal. Mukanyamuka 5 koloko m'mawa, ola limodzi ndi theka mwafika. Mukatsatira nthawi imene madalaivala ambiri amakonda, yonyamuka mutadya kadzutsa cha m'ma 9, mudzathera nthawi mu mdipiti wa magalimoto otuluka mu mzinda, n'kufika dzuwa lili paliwombo. Cholakwika chachikulu ndi chimenechi. Pamalopo mthunzi ndi wochepa, miyala imatentha, ndipo munthu amene wangochoka kumene m'manja mwa dokotala sangapirire. Pali chifukwa chinanso: kachisiyo anayang'ana kummawa, kunyanja, kotero kuwala kwa dzuwa lotuluka ndi kumene kumaonetsa bwino zosema zake. Geti amatsegula 6 koloko m'mawa n'kutseka 6 koloko madzulo.

Malowa amayang'aniridwa ndi Archaeological Survey of India, bungwe la boma losamalira malo a mbiri. Mlendo wa kunja amalipira ma rupee 600 pomwe nzika ya India imalipira 40, ndipo ana osakwana zaka 15 amalowa ulere. Kusiyana kwa mtengoku kumawawa, koma ndi lamulo, musakangane ndi wa pa windo. Tikitiyo musataye, chifukwa ndi yomweyo imene mukalowere ku Five Rathas, tiakachisi tisanu tosemedwa pa miyala m'tauni yomweyo, tsiku lomwelo. Tengani ndalama m'manja, makamaka zing'onozing'ono. Anthu a kumeneko amalipira pafupifupi chilichonse pa foni, njira imene mlendo wopanda akaunti ya banki ya ku India sangaigwiritse ntchito mosavuta.

Kachisi mwiniwake si wamkulu. Amene akuyembekezera chinyumba chachikulu adzakhumudwa pang'ono poyamba, chifukwa nsanja yaitali ndi ya mamita 18 basi. Anamangidwa ndi miyala ya granite m'nthawi ya mfumu Narasimhavarman II ya ufumu wa Pallava, pakati pa zaka za 700 ndi 728, ndipo UNESCO inamuika pa mndandanda wa malo a mbiri a dziko lonse mu 1984 pamodzi ndi zosema zina za m'tauniyi. Muli tizipinda titatu topatulika ta milungu ya Ahindu. Tiwiri ndi ta Shiva, kamodzi koyang'ana kummawa kena kumadzulo, ndipo pakati pake pali kachipinda kopapatiza ka Vishnu atagona. Alendo ambiri amakadutsa kameneka osakaona chifukwa mkati ndi mwa mdima. Imani pakhomo kwa kanthawi maso azolowere.

Chimene chimagwira mtima ndi khoma lozungulira, pamene pandandalikidwa nkhunzi za mwala zotchedwa Nandi, zonse zili chogona. Yandikirani imodzi. Makutu ndi nyanga zinatha, nkhope inasalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, chatsala ndi linunda ndi msana. Ndi ntchito ya mphepo ya mchere kwa zaka 1,300: mchere umalowa m'timing'alu ta mwala, ukauma umafufuma n'kumagumula pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kumbali ya nyanja anaunjikako miyala ikuluikulu yotchinga mafunde n'kubzalanso mitengo yotchinga mphepo. Chitetezo chimenechi chinathandiza pa 26 Disembala 2004, tsunami itagunda gombe limeneli, kachisi anaima. Choipa chake n'chakuti lero simuonanso mafunde akumenya m'munsi mwa khoma. Kumbali kuli mkango wosemedwa pa mwala umodzi, wokhala ndi kabowo pachifuwa momwe muli chithunzi cha mulungu wamkazi Durga. Ameneyu gaidi wabwino amakuonetsani, waulesi amamulambalala.

Gaidi ndi wofunika kwa ola limodzi, chifukwa zikwangwani zofotokoza n'zochepa. Mupempheni akuonetseni chiphaso chake, ndipo mugwirizane mtengo ndi malo amene akuperekezeni musanayambe kuyenda. Mukapanda kutero mkangano umabuka pomaliza, iye akunena kuti mtengo unali wa malo amodzi. Chimodzimodzi dalaivala: mufunse ngati mtengo wake waphatikiza ndalama za pa toll gate ndi zoimikira galimoto. Ena amakukhotetsani ku sitolo ya zosemasema kapena ya nsalu imene simunapemphe, poti amalandirako kangachepe pa chilichonse mungagule. Kukana mwaulemu n'kokwanira. Amisiri osema miyala ali mbwee m'misewu ya tauniyi, mukhoza kugula kwa iwo eni ake n'kunenerera mtengo ngati ku msika wa ziboliboli wa ku Area 3. Kumbukirani kuti mwala ndi wolemera ndipo chikwama chanu chikakwera sikelo pa eyapoti.

Ku Shore Temple sikuchitika mapemphero a tsiku ndi tsiku, ndi malo a mbiri. Wofuna kuona Ahindu akupembedza apite ku Sthalasayana Perumal, kachisi wa Vishnu wa pakati pa tauni, ndipo kumeneko malamulo ndi ena. Nsapato mumavula panja. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika, apa chitenje chimathandiza amayi kuposa chovala china chilichonse. Musajambule anthu akupemphera kapena chipinda cha mkati. Mu Januwale 2024 khoti lalikulu la Madras linalamula kuti amene si Ahindu asapitirire pa mtengo wa mbendera wa m'bwalo la akachisi a ku Tamil Nadu, chigawo chomwe kuli tauniyi, choncho mukauzidwa kuti muime pamenepo musaone ngati akukusalani. Akachisi otere amatseka masana n'kutsegulanso chakumadzulo, chomwe ndi chifukwa china chofikira m'mawa.

Zotsalazo mukhoza kuzimaliza 11 koloko isanakwane. Arjuna's Penance ndi thanthwe lalikulu lodzaza ndi njovu, anyani ndi anthu osemedwa. Chapafupi pali Krishna's Butter Ball, chimwala chobulungira cha mamita 6 chokhala pa thanthwe lotsetsereka, chofanana ndi miyala imene timaiona panjira ya ku Dedza, kungoti ichi aliyense amafuna kujambulitsa akuchikankha. Five Rathas ili kummwera pang'ono, pitani pa galimoto.

Gombe la pafupi ndi kachisi si Senga Bay. Mafunde ake amakoka munthu kupita naye pakuya, ndipo anthu amamira kumeneko. Nyowetsani mapazi basi. Madzi akumwa gulani a m'botolo losatsegulidwa, kapena madzi a kokonati amene amakudulirani mukuona. Miyezi yabwino ndi Januwale ndi Febuluwale. Kuyambira Epulo mpaka Juni kumatentha kwambiri, ndi chinyezi pamwamba, pomwe Okutobala mpaka Disembala ndi nyengo ya mvula yamphamvu ndi anamondwe. Ngati wodwala wanu anachitidwa opaleshoni posachedwa, funsani dokotala kaye, popeza kuchokera poimika galimoto kukafika pa kachisi ndi ulendo wa pansi, wodutsa pamtetete.