Mowa wa ku Cape Town pa lilime la anganga

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti ntchito yanga kuno ku Cape Town ndi yotani kwenikweni, poti kwathu ku Malindi kwamveka zoti ndimalipidwa chifukwa chomwa mowa. Mphekesera imeneyi anaiyambitsa ndi alamu anga, ndipo choonadi chake n'chochepa ngati mchere wa m'ndiwo. Ndimagwira pa kafakitale kofulula mowa ku Woodstock. Ndinayamba ndi kutsuka matambula ndi migolo, koma chaka chachitatu chino ndimaima pa kauntala n'kumathirira makasitomala. Ofulula alipo atatu okha, ndipo mowa umene timagulitsa kutsogolo umaphikidwa kuseri kwa khoma lomwelo. Kuno amautcha craft beer, kutanthauza mowa wofululidwa wochepa, ndi anthu oti ungawaloze ndi chala.

Anyamata amene ndimakhala nawo nyumba imodzi, awiri a ku Namwera ndi mmodzi wa kwa Katuli, ndi Asilamu. Tinagwirizana kalekale kuti botolo sililowa pakhomo, ndipo pangano limenelo sindinaliphwanyepo. Iwo amangondiseka kuti ndimanunkha phala ndikaweruka.

Tsiku limene anandikweza kupita pa kauntala, mkulu wa ofulula anandiikira kathabwa kokhala ndi timatambula tisanu, kalikonse kochepa ngati kapu ya mankhwala a chifuwa. Ine ndinagwira koyamba kuti ndigugudize monga tinkachitira ku M'baluku. Anandigwira dzanja. Anati uyambe wayang'ana mtundu, kenako ununkhize, ndiye umwe pang'ono n'kusunga m'kamwa. Uyambe ndi woyera, wakuda ubwere pambuyo, chifukwa ukayamba ndi waukali lilime limafa ndipo zotsalazo zimangomveka ngati madzi.

Woyambawo unali lager, ndipo sunandidabwitse, poti ndi mtundu womwewo wa Green ndi Kuche Kuche. Umawira pamalo pozizira, kenako amausunga milungu ingapo mpaka uyere mbee. Mtundu wa golide umene tonse timaudziwa unayambira mu mzinda wa Plzeň, ku Czech Republic, m'chaka cha 1842. Bwanayo atamva kuti ndine Mmalawi maso ake anawala, n'kundiuza zimene ine mwini dziko sindinkadziwa: fakitale imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968 inali yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark. Anawonjezanso kuti ku kampani yomweyo ndi kumene wasayansi wina, Emil Christian Hansen, mu 1883, anatha kupatula yisiti wa mtundu umodzi payekha, n'chifukwa chake botolo la lero limakoma chimodzimodzi ndi la mawa.

Kachitatu ndi kamene kanandichititsa manyazi. Fungo lake linali la mango osakaniza ndi magalagadeya, moti ndinaganiza kuti ndi juwisi. Nditamwa, mayo ine! Ngati ndatafuna masamba a nimu amene amayi ankatiwiritsira tikadwala malungo. Ndinalavulira m'sinki anthu akuona. Umenewo ndiye IPA. Kuwawako kumachokera ku hops, mbewu yoyanga ngati nyemba imene maluwa ake obiriwira amathira m'mowa pophika. Akathira koyambirira, amapereka kuwawa. Akathira moto uli pafupi kuzima, amasiya fungo lokha, ndipo mango aja anachokera pamenepo, mulibemo chipatso ngakhale chimodzi. Kuno hops amalimidwa kufupi ndi tauni ya George. Dzina la IPA likuimira India Pale Ale, chifukwa Angerezi ankatumiza mowa wotere ku India pa sitima zapamadzi, ndipo hops wambiri ankathandiza kuti usaonongeke pa ulendo wa miyezi. Zinanditengera pafupifupi theka la chaka kuti ndiyambe kuumva. Lero ndimatha kusiyanitsa wofululidwa sabata yatha ndi wogonera miyezi itatu pongonunkhiza. Koma chenjerani nawo, mphamvu yake imafika 6 kapena 7 peresenti, pamene lager wamba amazungulira pa 5.

Weiss ndi wa tirigu, wamatope m'maonekedwe, ndipo umanunkhira nthochi yakupsa chifukwa cha yisiti wake. Stout ndi wakuda bii poti balere wake amamukazinga mpaka ade, ndiye umamveka khofi ndi kautsi. Ine ndimaukonda mu June ndi July, mvula ya kuno ikamagwa ndi mphepo yake yolowa m'mafupa.

Womaliza unandiimitsa mutu. Unali wotuwa, wowawasa, ndipo utangofika pa lilime ndinaona mbiya ya anganga kuseri kwa khitchini, itavundikiridwa ndi lichero. Bwanayo anayamba kundifotokozera mwaulemu waukulu kuti uwu ndi sour, kuti tizilombo tomwe timasasitsa mkaka ndi timene timaupatsa kuwawasa, kuti ku Belgium ena amasiya mowa pamtunda usiku wonse m'chiwiya chosavundikira kuti yisiti wa mumpweya agweremo yekha. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako ndinamuuza kuti kwathu umenewu timati masese, ndipo amene amaudziwa bwino sanapiteko kusukulu. Chimene iwo amachitcha malt, chimene amagula m'matumba odula, ndi chimera basi: mbewu yoviika, yomeretsa, yoyanika padzuwa n'kupera. Iwo amameretsa balere, ife mawere kapena chimanga.

Kunena zoona, zinandipweteka pang'ono. Ndili mnyamata ndinkachita manyazi kuti anganga amafulula. Tikapeza kandalama ka usipa tinkathamangira botolo kuti tioneke otsogola, chipanda n'kumachiyesa cha osauka. Ndiye ndawoloka malire atatu kudzapeza anthu ovala bwino akulipira ndalama yoti kwathu ungagule chambo chachikulu, pofuna tambula imodzi ya mowa wowawasa, n'kumaununkhiza maso ali otseka.

December wathayu ndinabwera ndi mabotolo anayi m'chikwama, nditawakulunga m'mabulangete. Amene munandiona ndikutsika pa depoti ndikukaniza anyamata a kabaza kukhudza chikwama chimodzi, chifukwa chake chinali chimenecho. Ulendo wa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza si wabwino kwa mowa wotere. Fungo la hops limathawa ndi kutentha, ndipo kuwala kwa dzuwa nako kumauononga, n'chifukwa chake ofulula ambiri amasankha mabotolo a bulauni.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango madzulo, mphepo itasiya, ine ndi amalume ndi anganga. Mabotolo ndinali nditawaziziritsa mufiriji ya pagolosale. Matambula ang'onoang'ono kunalibe, tinagwiritsa ntchito makapu a tiyi.

Amalume anamwa lager n'kunena kuti, "Aphwanga, mwavutikiranji kunyamula zimene zili pa golosale pompa?" Pa IPA anachita tsinya, n'kufunsa ngati ndabweretsa mowa kapena mankhwala a njoka za m'mimba. Sindinawatsutse, chifukwa mango aja anali atathawadi m'njira, kunatsala nimu yekha. Stout anaukonda, makamaka atadyera kampango wowamba, ndipo botolo analimaliza okha.

Anganga sananene kanthu nthawi yonseyi. Palibe anawauza zoyang'ana kapena kununkhiza, koma kapu iliyonse ankaipendeketsa kaye, n'kuiyandikiza pamphuno, n'kupsontha pang'ono, ndendende zimene ine ndinaphunzitsidwa ndi mzungu ku Woodstock. Titafika pa wowawasa uja anausunga m'kamwa nthawi yaitali.

"Wafulula uyu ndi mwamuna kapena mkazi?"

"Mwamuna, anganga."

"Ndaona. Manja ake ndi aukhondo, koma ndi wopupuluma. Kuwawasa kwafika, thupi mulibe. Mowa umafunika uzikhuta."

Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa bwana wanga yemwe amadandaula zomwezo, kuti mowa umenewu umatuluka wopyapyala. Ndinayesa kuwafotokozera kuti iwo amasefa kwambiri ndipo safuna masese pansi pa tambula. Anganga anangoti ndiye amataya chakudya n'kusunga madzi. Atafunsa mtengo wa botolo limodzi ine n'kuwauza m'makwacha, anagwira pakamwa, kenako anauza amalume kuti asataye botololo, athiramo mafuta ophikira.

Mawa lake anandituma mawere kumsika. Ndinakhala masiku otsatirawo ndikuonerera zimene ndinkazithawa ndili mwana: kuviika, kufunditsa mpaka timizu titatuluka, kuyanika pamphasa, kupera. Anaphika phala mumgolo, n'kulisiya lizizire, akumaliyesa ndi chala asanathire chimera. Kuntchito kwathu pamenepo timaika thermometer, poti phala likatentha kwambiri mphamvu ya chimera imafa ndipo silitsekemera. Iwo chala chinakwana. Mawa lake ana anamwa thobwa, lotsalalo linapitirira ulendo wake mpaka linayamba kuwira lokha m'mbiya, kumveka ngati mvula yowaza padenga la udzu.

Ndinajambula zonse pafoni, ndipo nditabwerera ndinaonetsa bwana. Anaonera kawiri, n'kundifunsa kuti phalalo linali pa madigiri angati pamene ankathira chimera. Ndinawaimbira anganga kudzera pa foni ya amalume kuti ndifunse. Anati ndimuuze kuti aviike chala chake, akatha kuwerenga mpaka khumi asanachichotse, athire.